Zotsatira za Mayeso Zisamathere M'kabati ya Ahedi

Chaka ndi chaka, cha m'mwezi wa Okutobala, m'sukulu za boma za m'chigawo cha Western Cape ku South Africa mumalowa alendo atanyamula mapepala a mayeso. Alendowa si aphunzitsi a pasukulupo. Amatumidwa ndi nthambi yoona za maphunziro m'chigawochi, yotchedwa WCED, kuti adzalembetse ana a Giredi 3, 6 ndi 9 mayeso a masamu ndi a chiyankhulo. Ana akamaliza, alendowo amasonkhanitsa mapepala n'kupita nawo, ndipo ochonga ake amakhalanso anthu ena. Mayeso amenewa, omwe kumeneko amadziwika kuti systemic tests, adayamba mu 2002 ndi ana a Giredi 3, ndipo kuchokera mu 2010 akhala akulembedwa chaka chilichonse m'makalasi atatu aja, kupatula mu 2020 pamene mliri wa Covid-19 udasokoneza sukulu. Palibe mwana amene amapita kalasi lina kapena kubwereza chifukwa cha mayesowa. Amene amaikidwa pasikelo ndi sukulu, pamodzi ndi boma lomwe limaiyang'anira.

Limodzi mwa madera omwe alendowa amafikako ndi Brackenfell, tauni ya kumpoto chakum'mawa kwa mzinda wa Cape Town, m'mbali mwa msewu waukulu wa N1, pakati pa Bellville ndi Kraaifontein. Kumeneko ndi komwe kuli likulu la Shoprite, kampani yomwe dzina lake anthu adalizolowera pa Chichiri ku Blantyre ndi pa Manda Hill ku Lusaka. Mbali yaikulu ya tauniyi ndi ya mabanja opezako bwino, ndipo sukulu zake zambiri n'zolipira. Koma munthu akangodutsa pang'ono kulowa ku Kraaifontein amafika ku Wallacedene ndi ku Bloekombos, komwe nyumba zambiri n'zamalata komanso makalasi ndi odzaza. M'madera onsewa muli Amalawi ogwira ntchito za m'nyumba, za m'minda ya maluwa, za m'mafakitale ndi m'nyumba zosungiramo katundu. Ana awo amalemba nawo mayeso a mu Okutobala aja, mofanana ndi mwana wina aliyense. N'chifukwa chake nkhani imeneyi, ngakhale ikumveka ngati ya eni dziko, ikukhudzanso anthu oyankhula Chichewa.

Kumayambiriro kwa chaka chotsatira, sukulu iliyonse imalandira lipoti lake. Apa ndi pamene pagona nkhani. Lipoti lotere likhoza kutsekeredwa m'kabati ya mphunzitsi wamkulu mpaka tsiku lomwe oyendera sukulu adzalifunse. Ngati manambala ake ali okoma, likhoza kuulutsidwa pa Facebook ndi m'kalata yopita kwa makolo, sukulu n'kudzitamandira nalo. Ngati ali owawa, likhoza kusanduka chikoti chokwapulira mphunzitsi mmodzi pamaso pa anzake. M'njira zonsezi ndalama zomwe boma lidawononga polemba, kulembetsa ndi kuchonga mayeso zimakhala zapita pachabe, pakuti palibe chomwe chasintha pa kaphunzitsidwe ka Lolemba m'mawa. Lipotilo limakhala ndi phindu likatsegulidwa pa tebulo la m'chipinda cha aphunzitsi, onse alipo, makope a ana ali pambali pake, ndiponso nthawi yokambirana itapatulidwa mokwanira.

Mayi aliyense wa ku Malawi amene adapitapo ndi khanda kusikelo akudziwa tanthauzo lake. Mwana amakolekedwa pasikelo, mlangizi wa zaumoyo amaika kadontho pakhadi, ndipo timadontho ta miyezi ingapo timapanga mzere. Mzerewo ukayamba kutsika, mlangizi wodziwa ntchito amakhala pansi ndi mayiyo n'kufunsa: kodi mwana akudya kangati, kodi watsegula m'mimba, kodi phala lake mukuthiramo chiyani? Pamapeto pake mayi amabwerera kunyumba akudziwa choti achite, kaya ndi kuthira nsinjiro m'phala kaya ndi kupita kukaonana ndi adokotala. Mlangizi akangolemba nambala n'kuitana wotsatira, mayiyo wayenda ulendo wake wonse kuti angomva kulemera kwa mwana amene iye mwini amamubereka tsiku ndi tsiku. Sukulu zambiri, ku South Africa ngakhalenso kumudzi, zimachita ndi zotsatira za mayeso monga mlangizi wachiwiriyu.

Aphunzitsi ena amati lipoti la WCED limabwera madzi atatayika kale. Ana amene adalemba ali mu Giredi 3 amakhala atalowa Giredi 4, ndipo mphunzitsi wa Giredi 3 amakhala ndi gulu lina losiyana ndi loyamba lija. Dandaulo limeneli n'loona, koma n'lomwenso likuonetsa chifukwa chake lipotilo silingakhale la munthu mmodzi. Zimene mwana wa Giredi 3 akudziwa zidaumbidwa ndi aphunzitsi anayi, kuyambira wa Giredi R amene adamugwiritsa pensulo koyamba. Mwana akalephera kuwerenga ndime yaifupi mu Okutobala wa chaka chake chachitatu, vutolo lidayamba pamene ankaphunzira maliwu a malembo zaka ziwiri zapitazo. M'mera mpoyamba. Ndiye pali mphunzitsi wa Giredi 4, yemwe ndiye ali ndi anawo tsopano, ndipo ayenera kudziwa msanga kuti walandira ana otani. Kwa ana amene adayamba sukulu m'Chixhosa, Giredi 4 ndi pamene maphunziro amatembenukira m'Chingerezi, monga momwe zakhalira kwa zaka zambiri ku Malawi mwana akafika Sitandade 5. Mwana wosadziwa kuwerenga m'chiyankhulo chake akafika pamenepa amagwa kawiri. Choncho aphunzitsi a m'munsi amafuna lipotilo kuti akonze kaphunzitsidwe kawo, ndipo wa pamwamba amalifuna kuti athandize ana enieniwo. Akakhala m'zipinda zosiyana, aliyense amangoloza chala mnzake.

Komabe lipoti lochokera ku boma lili ndi malire ake. Limatha kunena kuti ana a pasukulupo afooka pa gawo la manambala ndi kuwerengetsa, kapena pa gawo la miyeso, kapena pa kulemba ziganizo. Silingathe kunena chomwe chikuchitika m'mutu mwa mwana. Chimenecho chimapezeka m'makope ndi m'mayeso a pasukulu pompo, omwe mphunzitsi amalemba ndi kuchonga yekha. Mwachitsanzo, pa samu yoti 52 kuchotsera 38, yankho lolondola ndi 14. Ana ena amalemba 26. Mphunzitsi wotopa amangodula mtanda wofiira n'kupitirira. Koma 26 si yankho longolota. Mwanayo wachotsera 3 pa 5 n'kupeza 2, kenaka poona kuti 8 sangachoke pa 2, watembenuza n'kuchotsera 2 pa 8 n'kupeza 6. Ali ndi lamulo lake lomwe akulitsata mokhulupirika, loti nambala yaing'ono ndiyo imachoka pa yaikulu. Mwana wina amalemba 24. Ameneyu wabwereka khumi bwinobwino, wapeza 4, koma wayiwala kuti makumi atsala anayi. Wina amalemba 90 chifukwa waphatikiza. Onse atatu alakwa, ndipo pa pepala la malikisi onse alembedwa 0, koma matenda awo ndi osiyana ndipo mankhwala ake ndi osiyananso. Woyamba sadamvetse kuti 52 ndi makumi asanu ndi ziwiri, ndipo akufunika kubwerera ku mitolo ya timitengo kuti amasule mtolo umodzi ndi manja ake. Wachiwiri wamvetsa, akungofuna chizolowezi. Wachitatu mwina sadaone chizindikiro, mwinanso maso ake akufunika kupimidwa.

Msonkhano wa aphunzitsi wopindulitsa umafika pa zinthu zazing'ono ngati zimenezi. Aphunzitsi a kalasi limodzi amagwirizana zolembetsa ana awo mafunso ofanana, ochepa chabe, pa gawo lomwe lipoti lasonyeza kuti lafooka. Akachonga, amaunjika mapepala molingana ndi mayankho olakwika, a 26 mulu wawo, a 24 mulu wawo. Zikapezeka kuti m'kalasi la mphunzitsi mmodzi mulu wa 26 ndi waung'ono pamene mwa mnzake ndi waukulu, funso limadzibweretsa lokha: kodi anzathu mudaphunzitsa bwanji gawo limeneli? Apa mpamene luso lomwe lakhala likubisala kuseri kwa chitseko cha kalasi limodzi limatulukira poyera. Uphunzitsi ndi ntchito yachilendo: anthu awiri akhoza kuphunzitsa m'zipinda zoyandikana kwa zaka khumi, akumwera limodzi tiyi, koma wina osaonapo mnzake akuphunzitsa. Akatha kukambirana amasankha chinthu chimodzi choti asinthe, amaika tsiku lodzalembetsanso mafunso ena ofanana nawo pakatha milungu itatu kapena inayi, n'kudzaonanso milu ija. Osadzaonanso, zonse zija zimakhala macheza chabe.

Ku sukulu za dera ngati Brackenfell kuli msampha wina womwe sukulu zosauka sizikumana nawo kawirikawiri, ndiwo kukhutira. Avereji ikakhala pamwamba poyerekeza ndi ya chigawo chonse, aliyense amapuma. Komatu avereji imabisa anthu. Munthu atayerekeza kalasi la ana 35 momwe ana 28 akhoza, sukulu idzalengeza kuti ana 80 mwa 100 aliwonse akhoza, ndipo makolo adzaomba m'manja. Ana asanu ndi awiri otsalawo sadzatchulidwa. Chaka chamawa adzakhalanso omwewo, chaka chinacho omwewonso, mpaka adzafike Giredi 9 asakudziwa mafulakishoni. Sukulu yomwe ili ndi aphunzitsi okwanira, laibulale ndi makompyuta ilibe chowiringula pa ana asanu ndi awiri amenewa. Funso loyamba la aphunzitsi ake liyenera kukhala lakuti anawa ndi ndani, adafika liti pasukulupo, amakhala kuti, amadzuka nthawi yanji kuti akwere takisi, ndipo kunyumba amayankhula chiyankhulo chanji.

Funso lomalizali ndilo likukhudza kwambiri Amalawi. M'chigawo cha Western Cape ana amaphunzira m'Chingerezi, m'Chiafrikaans kapena m'Chixhosa, ndipo mayeso amalembedwanso m'ziyankhulo zomwezo. Mwana amene kunyumba amamva Chichewa, Chiyao kapena Chitumbuka, pamsewu Chixhosa, m'kalasi Chingerezi, amasenza katundu amene pepala la malikisi silionetsa. Samu ikhoza kumufunsa kuti apeze difference ya 52 ndi 38. Iye mawuwo amawadziwa, amatanthauza kusiyana, ndipo akhoza kunena molondola kuti nambala inayo ndi yaikulu, inayo ndi yaing'ono. Palibe amene adamuuza kuti m'masamu mawu amenewa akulamula kuchotsera. Mwana yemweyo atatumidwa kushopu ndi R52 kukagula katundu wa R38, chenje akachibweretsa chokwana. Lipoti lidzati wafooka pa masamu, ndipo sukulu idzamupatsa masamu ena owonjezera, pamene chomwe chamugwetsa ndi chiyankhulo. Kusiyanitsa ziwirizi sikufuna ndalama. Mphunzitsi akhoza kumufunsa samu yomweyo pakamwa, ndi zitsekerero za mabotolo patebulo, n'kuona ngati akhoza. Koma mphunzitsi sangaganize zoyesa zimenezi ngati aphunzitsi sadakhalepo pansi n'kuzindikira kuti ambiri mwa ana otsalira aja ndi oyankhula ziyankhulo zina kunyumba. Makolo nawonso ali ndi mbali yawo. Kholo likalemba pa fomu yolembetsera mwana kuti kunyumba kumayankhulidwa Chingerezi, poganiza kuti potero mwana apeza malo msanga, limakhala lafufuta chizindikiro chomwe chikadathandiza mphunzitsi kumvetsa vuto la mwanayo.

Pali anthu amene sakhulupirira mayeso otere ngakhale pang'ono, ndipo si anthu opusa. Boma la South Africa lidakhazikitsa mayeso a dziko lonse otchedwa ANA, omwe adalembedwa kuyambira 2011 mpaka 2014. Mu 2015 mabungwe a aphunzitsi adakana kuwalembetsa, ndipo mayesowo adafera pomwepo. Chaka chotsatira bungwe la SADTU lidalimbananso ndi mayeso a ku Western Cape, pamene nduna ya maphunziro m'chigawochi inali Debbie Schäfer. Mfundo ya aphunzitsiwo inali yakuti ana akuyesedwa mopitirira muyeso, kuti zotsatira zimangonyazitsa sukulu za anthu osauka zomwe mavuto ake aliyense akuwadziwa kale, ndiponso kuti thandizo lobwera pambuyo pa mayeso n'lochepa. Aliyense woyerekeza sukulu ya ku Bloekombos ndi ya ku Brackenfell pa mndandanda umodzi, ngati kuti ana ake adayambira pa mzere umodzi, akutsimikizira dandaulo limeneli.

Dziko lidaonanso zomwe zimachitika nambala ikasanduka chinthu choopedwa. Mu mzinda wa Atlanta ku America, aphunzitsi ndi akuluakulu a sukulu adapezeka kuti ankafufuta mayankho olakwika a ana n'kulembapo olondola kuti sukulu zawo zioneke zokhoza, ndipo mu 2015 khoti lidapeza 11 mwa iwo olakwa. Ku South Africa komweko akatswiri a maphunziro akhala akudandaula kuti sukulu zina zimabwezera ana ofooka mu Giredi 10 ndi 11 pofuna kuteteza chiwerengero cha okhoza matric. Ku Malawi nako, bungwe la MANEB likatulutsa zotsatira za PSLCE kapena MSCE, nkhani imakhala ya maboma ndi sukulu zomwe zatsogola ndi zomwe zatsalira, ndipo zotsatira zake aliyense akuzidziwa: ana a Sitandade 8 amaloweza mapepala akale kuyambira m'bandakucha, mphunzitsi wodalirika amaikidwa ku kalasi la mayeso, pamene Sitandade 1, komwe kuli ana ochuluka koposa ndiponso komwe kuwerenga kumayambira, imasiyidwa kwa aliyense amene watsala.

Zonsezi zikuchenjeza za kagwiritsidwe ntchito ka manambala, ndipo chenjezolo likugwera mphunzitsi wamkulu. Msonkhano wounika zotsatira ukakhalanso bwalo loweruzira aphunzitsi, palibe amene adzanene zoona. Mphunzitsi amene akudziwa mumtima mwake kuti mafulakishoni amamuvuta iye mwini sangaulule zimenezi pamaso pa munthu amene mawa adzalemba lipoti la kagwiridwe kake ka ntchito. Adzati ana a chaka chino ndi aulesi, makolo sathandiza, mabuku adachedwa. Zina mwa izi zidzakhala zoona, n'chifukwa chake zimabisa bwino. Ahedi anzeru amalekanitsa misonkhano iwiriyi, ndipo amayamba ndi kuika patebulo zomwe zili m'manja mwawo: maphunziro angati adatayika chifukwa cha misonkhano ndi masewera, makalasi angati adakhala opanda mphunzitsi, ndondomeko ya nthawi idaika masamu m'mawa kapena masana ana atatopa. Mkulu akayamba wadzifunsa yekha, ang'ono amamasuka.

Pali kanthu kenanso kachikhalidwe komwe anthu a kuno kum'mwera kwa Africa amakadziwa bwino. Pamsonkhano wamng'ono sayankhula akulu asanayankhule, ndipo akulu akayankhula, nkhani yatha. Ulemu umenewu uli ndi malo ake, koma pa msonkhano wounika makope a ana umawononga. Kawirikawiri mphunzitsi amene wangotuluka kumene ku koleji ndiye amapatsidwa kalasi lovuta, ndipo ndiye amaona zinthu zomwe ena adazizolowera mpaka kusiya kuziona. Ahedi akadayamba kufunsa iyeyo, iwo n'kudzayankhula pomaliza, akadamva zambiri.

Kunena chilungamo, manambala a WCED adagwirapo ntchito yooneka. Mayeso atabwerera mu 2021, adaonetsa kukula kwa chilonda chomwe mliri udasiya. Pa masamu a Giredi 3, ana okhoza adatsika kuchoka pa 58.1 peresenti mu 2019 kufika pa 44.3 peresenti. Popanda mayeso ofanana chaka ndi chaka, anthu akadangonena kuti ana atsalira, osadziwa kuti atsalira motani. Mu 2022 chigawochi chidawonjezera maola awiri a kuwerenga ndi ola limodzi la masamu pa mlungu m'makalasi oyambirira, ndipo mu 2023 nduna David Maynier adakhazikitsa ndondomeko yotchedwa Back on Track, ya ndalama zokwana R1.2 biliyoni pa zaka zitatu, yomwe mwa zina idabweretsa makalasi a Loweruka ndi maphunziro owonjezera a aphunzitsi. M'chaka chomwecho zotsatira za kafukufuku wa mayiko ambiri wotchedwa PIRLS zidaonetsa kuti ana 81 mwa 100 aliwonse a Giredi 4 m'dziko lonse la South Africa sankatha kuwerenga momvetsa m'chiyankhulo chilichonse. Manambala otere amadzutsa boma, ndipo boma likadzuka limatha kuwonjezera maola ndi ndalama. Koma ola lowonjezera ndi mbale chabe. Chomwe chiikidwe m'mbalemo chimasankhidwa pasukulu, ndipo mphunzitsi akagwiritsa ntchito ola limenelo kubwereza njira yomwe idalephera kale, mwana wa 26 uja adzalemba 26 kawirikawiri kuposa kale.

Pa nkhani imeneyi Brackenfell ili ndi choti iphunzire kwa aphunzitsi a ku Chipata ndi ku Katete. Mu 2016 unduna wa maphunziro ku Zambia udayamba kuyesa ndondomeko yotchedwa Catch Up m'sukulu 80 za m'chigawo cha kum'mawa ndi cha kum'mwera, potengera njira yomwe bungwe la Pratham lidayambitsa ku India. Mayeso ake ndi a pepala limodzi. Mphunzitsi amakhala ndi mwana mmodzimmodzi kwa mphindi zochepa n'kuona pomwe wafika: kodi amazindikira malembo, kodi amawerenga mawu, ndime, kapena nthano yonse? Ana a Giredi 3 mpaka 5 amagawidwa m'magulu molingana ndi pomwe afika, mosayang'ana kalasi lawo, ndipo kwa nthawi yoikika pa tsiku amaphunzitsidwa zomwe akusowa. Pakapita nthawi amayesedwanso, ndipo okwera amasamukira gulu lina. Ndondomekoyi idakula n'kufalikira m'sukulu zambiri m'dzikolo. Mphamvu yake ili pakuti woyesa ndi yemwenso amaphunzitsa, zotsatira amazidziwa tsiku lomwelo, ndipo zimamuuza chochita mawa lake. Mayeso a WCED amaposa pa kudalirika ndi pa kufananitsa zaka, koma a ku Katete amafika msanga kwa mwana. Sukulu yomwe ili ndi mwayi wokhala ndi mitundu yonse iwiri n'kumagwiritsa ntchito umodzi wokha ikudzimana.

Ku Malawi zipangizo zochitira zimenezi zilipo kale. Zoni iliyonse ili ndi TDC ndi mlangizi wa sukulu za pulayimale, ndipo mazoni ambiri amalembetsa mayeso oyeserera ana a Sitandade 8 asanakumane ndi MANEB. Aphunzitsi amachonga mapepala mazanamazana, kenaka ntchito yonseyo imathera pa kusanja ana kuyambira nambala wani mpaka womaliza. Tsiku lotsekera sukulu maina amaitanidwa pabwalo, wotsogola amanyamulidwa m'mwamba ndi nthungululu, womaliza amazemba kudzera kuseri kwa kalasi. Aphunzitsi omwewo akadatsala tsiku limodzi pa TDC n'kuwerenga kuti funso liti lagwetsa ana ambiri m'zoni yonse, ndi yankho liti lolakwika lomwe labwerezedwa, mlangizi akadadziwa chophunzitsa pa msonkhano wotsatira wa aphunzitsi mmalo mobwereza za kalembedwe ka masikimu.

Chovuta chenicheni ndi nthawi, ndipo sichiyenera kupeputsidwa. Mu 2024 WCED idalengeza kuti ichepetsa malo a aphunzitsi ndi 2,407 kuyambira mu Januwale 2025 chifukwa cha kuchepa kwa ndalama. Sukulu zolipira zimatha kulemba aphunzitsi ena ndi ndalama za makolo, pamene zosalipira zimangophatikiza makalasi. Mphunzitsi wa ana makumi asanu akauzidwa kuti kuwonjezera pa zonse azidzazanso mafomu a kaunikidwe ka zotsatira, adzawadzaza usiku womaliza ndi mawu omwe akudziwa kuti oyendera amawakonda. Umo ndi momwe nzeru yabwino imasandukira mwambo wopanda kanthu. Ngati boma likufuna kuti aphunzitsi azikambirana, nthawi yake ilembedwe pa ndondomeko ya sukulu, ndipo fomu ina ichotsedwe kuti ipereke malo. Ku Kuils River, pafupi ndi Brackenfell pomwepo, kuli Cape Teaching and Leadership Institute, komwe WCED imasulira aphunzitsi ndi ahedi amene ali kale pantchito. Luso lotsogolera msonkhano wotere popanda kuchititsa munthu manyazi limaphunziridwa, ndipo malo ngati amenewa ndiwo oyenera kuliphunzitsa mwakhama.

Otsala ndi makolo. Lamulo la sukulu la South Africa la 1996 lidapereka kwa makolo mipando yochuluka mu komiti yoyendetsa sukulu ya boma iliyonse, ndipo misonkhano ya makolo ndi ya kholo lililonse lomwe mwana wake ali pasukulupo. Amalawi ambiri safikako. Ena amaweruka mochedwa, ena amaopa Chingerezi kapena Chiafrikaans, ena amaopa kufunsidwa mapepala. Pa mantha omalizawa n'koyenera kudziwa kuti mu Disembala 2019 khoti lalikulu la ku Makhanda lidagamula kuti mwana asachotsedwe kapena kukanizidwa sukulu chifukwa chosowa zikalata, kaya ndi nzika kaya ndi mlendo. Kholo silingapemphe kuona malikisi a ana a eni, pakuti malamulo oteteza chinsinsi cha munthu amaletsa, ndipo n'zoyenera kutero. Koma likhoza kuimirira mwaulemu n'kufunsa ahedi ngati lipoti la mayeso a mu Okutobala lafika, gawo lomwe ana adafooka, tsiku lomwe aphunzitsi adakhala pansi kulikambirana, ndi chomwe chasintha m'kalasi kuchokera tsiku limenelo. Likhozanso kupita kwa mphunzitsi wa mwana wake, kope lili m'manja, n'kumuuza kuti kunyumba mwanayu amayankhula Chichewa, ndipo chenje kushopu amawerengera yekha.